Diso la Mkamwini pa Khoma

Mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, amagwira ntchito ku Joni. Chaka chimene anamaliza kumanga nyumba yake pa Ntcheu Boma anabwera ndi makamera m'katoni, n'kuwakhoma m'makona a nyumba ngati zisa za mavu. Ina inayang'ana kugeti, ina pakhonde, ina kuseri kumene kuli khitchini, bafa ndi chimbudzi cha panja. Anatiitana kuti tidzaone. Atatulutsa foni tinadziona tokha mmenemo titaima pabwalo, kukamwa kuli yasa. Anati akakhala ku Joniko amangotsegula foni n'kuona ngakhale nkhuku imene yadutsa pakhomo pake, ndipo magetsi akazima sola imagwira ntchito. Nthawi yomanga akuba anamubera simenti ndi mafelemu a mazenera, choncho palibe anaona chachilendo. Tinamuyamikira, tinamwa tiyi, aliyense n'kubwerera kwawo.

Amayi athu tsiku limenelo sanalipo. Iwo amakhala kumudzi, kufupi ndi Nzama, ndipo kunyumba ya mkamwini sapitako wamba. Ndi anthu aja amene akaona mkamwini akubwera panjira amapatukira m'chimanga n'kugwada atafulatira mpaka adutse. Chikwatiwire mng'ono wanga, amayi sanadyepo pamaso pa mlamu wangayo, sanamutchulepo dzina, sanamuyang'anepo kumaso. Akafuna kumuuza kanthu amauza mwana wawo, mwanayo n'kukanena, ngakhale onse ali pabwalo limodzi. Anzanga a m'tauni akamva zimenezi amati ndi chidani. Si chidani ayi. Amayi amamukonda mkamwini wawo kuposa mmene amandikondera ine, ndipo nkhuku yonenepa amasungira iye. Umenewo ndiwo ulemu umene anaphunzitsidwa, ndipo wina akawalanda amatsala ngati awavula.

Ndiye amayi anadwala shuga. Anakhala nayo bwinobwino mpaka tsiku lina pokolola anaponda chitsa, chinawabaya pachala chachikulu cha phazi. Kabala kake kanali kochepa koma sikanafune kupola. A zaumoyo kumudziko anati apite ku chipatala chachikulu pa Boma, ndipo kumeneko anatiuza mosapsatira kuti chilondacho chizitsukidwa pafupipafupi osadumphitsa, apo ayi phazi lidzapita.

Ine ndimagulitsa mbatata ya kachewere pa Lizulu. Ndimakhala m'kachipinda kamodzi ka lendi, ndimagona pambali pa matumba, ndipo kukweza munthu wachilonda minibasi m'mawa uliwonse kukanakhala kumuzunza. Nyumba ya mng'ono wanga ili pafupi ndi chipatala, wa kabaza amangopalasa pang'ono wafika. Tinawanyengerera amayi kuti akakhale kumeneko, anakana, tinawanyengereranso. Pomaliza anafunsa kuti, "Eni nyumba alipo?" Tinati ali ku Joni, sabwera mpaka Khirisimasi. Anati, "Poti kulibe, ndipita."

Za makamera palibe anawauza. Kunena zoona sitinaziganizire n'komwe. Iwo anaziona zinthuzo pakhoma n'kuziyesa mababu amene anapsa, ndipo anadandaulako kuti akamwini anagula nyali zosayaka.

Masabata oyamba zinthu zinayenda. Chilonda chinayamba kuuma m'mbali, fungo linatha, ndipo anesi ankawaseka kuti agogo amenewa adzavina pa ukwati wa chidzukulu. Inali nyengo yozizira, kuzizira kwa ku Ntcheu kuja kolowa m'mafupa. M'mawa amayi ankayala mphasa kuseri kwa nyumba kumene dzuwa limayambira, n'kumasula duku, n'kutambalala, chitenje atamanga pachifuwa ngati munthu amene ali pakhomo pake pakati pa ana ake aakazi.

Tsiku limene zinasokonekera ndinalipo. Ndinabweretsa kabichi ndi mbatata, ndipo tinakhala pamphasa atatu, ine, mng'ono wanga ndi amayi. Amayi ankadya mbatata yootcha, manja ndi milomo zili bii ndi makala, akutisimbira za mayi wina wa kumpingo kwawo. Mwadzidzidzi pamwamba pathu panamveka kukhosomola, kenako mawu a mwamuna.

"Mwadzuka bwanji amayi? Ndikuona mwendowo ukusintha ndithu. Koma mbatatayo musamadye yambiri, paja shuga."

Amayi anauma. Anayang'ana kugeti, anayang'ana pakona pa nyumba, kulibe munthu. Mawuwo anawazindikira. Anafunsa monong'ona kuti, "Abwera liti?"

Mng'ono wanga anaseka kaseko kamanyazi. "Sanabwere amayi. Ali ku Joni konko. Akuonera pakamerapo, ichi chili pakhomachi."

"Akuona?"

"Eya."

"Ine?"

"Tonse."

"Kuyambira liti?"

Mng'ono wanga anayang'ana pansi. Amayi analavulira m'manja mbatata imene inali m'kamwa, anakoka chitenje n'kufunda kumutu, ndipo analowa m'nyumba chokwawa, bandeji ikukhwekhwereza m'fumbi. Mawu aja pakhoma anafunsanso kuti, "Kodi amayi apita kuti? Ndimangowapatsa moni." Ndinalakalaka kutola mwala.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anadzitsekera kuchipinda. Chimbudzi cha m'nyumba anali atachikana kalekale, ati sangakhale pamene amakhala mkamwini, ndiye ankapita cha panja. Koma njira yopita kumeneko inkadutsa pansi pa kamera. Anayamba kumwa madzi pang'ono kuti asamatuluke kawirikawiri, munthu wa shuga! Akakakamizika ankafunda chitenje mpaka kumaso n'kuyenda chokhudza khoma ngati wakuba. Kupita kuchipatala kunafunika kudutsa pakhonde ndi pageti, maso ena awiri. Anayamba kupeza zifukwa. Lero mutu, mawa kwazizira, mkuja chilonda chili bwino palibe chifukwa chovutitsira anthu.

Ndinamuimbira foni mlamu wanga. Ine ndi iye timaserewulana, ndipo pakamwa panga amapadziwa.

"Alamu, zimitsani maso anuwo. Amayi sakutuluka."

Anaseka chikhakhali. "Alamu, dziko linasintha. Zoopana apongozi zinatha kalekale. Auzeni amasuke, ine ndi mwana wawo."

"Inu mukabwera kumudzi bwanji mumakagwada kuseri kwa nkhokwe? Bwanji simumakakhala nawo pamphasa, poti dziko linasintha?"

"Kumeneko ndi kumudzi. Pano ndi panyumba panga."

"Chabwino, zimitsani ya kuseri yokha."

"Akuba amadzera kuseri komweko."

"Akuba ake ati masana dzuwa likuswa mtengo, pakhomo pali anthu?"

Anati aganiza. Kenako anati alonjeza kuti sadzayang'ananso amayi akakhala panja. Ndinakawauza amayi, iwo anangondifunsa kuti, "Nanga adziwa bwanji kuti ndili panja asanayang'ane?" 

Ndinaona kuti zokambirana zikungotaya nthawi. Ndinatenga thumba la feteleza lopanda kanthu, ndinakwera pampando, n'kuveka kamera ya kuseri ngati mmene timavekera mkoko wa nthochi. Ndisanatsike n'komwe foni ya mng'ono wanga inalira. Anathamangira nayo kuchipinda, koma mawu a mwamuna wake ankamveka mpaka panja. "Mukubisa chiyani? Walowa ndani kumeneko? Unditumizire chithunzi pompano!" Mng'ono wanga anatuluka maso ali psuu, anakwera pampando womwewo n'kuchotsa thumba lija osandiyang'ana. Anati, "Achemwali, inu mupita kwanu ku Lizulu. Banjali ndikhalamo ndine."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti makamerawo sankalondera simenti yokha ayi. Sindinamuimbe mlandu mng'ono wanga. Nyumba, chakudya, sukulu ya ana ndi mankhwala a amayi omwe, zonse zinkachokera m'foni yomweyo.

Usaone kugulitsa mbatata, ine za malamulo zimandipeza tsiku ndi tsiku. Simukhadi ya foni yanga ndinakalembetsa, ndinaima pamzere mpaka miyendo kutupa. Njinga yamoto ya kabaza imafunika nambala. Ukafuna kusamutsa ng'ombe kupita nayo dera lina umakatenga chilolezo. Pamalire pompano ukawoloka ndi katundu amakufunsa kumene wachokera ndi kumene ukupita. Ndiye ndinati m'dziko limene ng'ombe imayenda ndi chilolezo, sizingatheke kuti munthu akhome diso pakhoma, aziona anthu ali dziko lina, popanda amene anamuloleza. Payenera kukhala ofesi imene zinthu zimenezi zimalembetsedwa, ndipo ofesiyo iyenera kukhala ndi mphamvu yonena kuti iyi zimitsa. Ndinasiya malonda m'manja mwa mnzanga, ndinavala chitenje chabwino, n'kukwera minibasi ya ku Boma.

Ndinalowa ofesi iyi, anandilozera iyo. Ndinalowa iyo, anati yesani pakhomo lachiwirilo. Pomaliza ndinapeza bambo wina waulemu wake amene anandipatsa mpando n'kundimvetsera mpaka kumapeto.

"Kamerayo ikuyang'ana kwa aneba?" anafunsa.

"Ayi."

"Ikuyang'ana m'bafa kapena kuchipinda chogona?"

"Ayi, panjira yopita kubafako."

"Wajambula munthu n'kufalitsa pa intaneti?"

"Ayi."

"Nanga waona chiyani kwenikweni?"

"Waona amayi anga akudya mbatata."

Bamboyo anagwira pakamwa. Anayesetsa ndithu kuti asaseke, ndipo ndimamuyamikira. Kenako nkhope inasintha, anati naye agogo ake anali otero, akumvetsa. Koma anati iye sakudziwa malo alionse amene kamera ya panyumba imalembetsedwa, ndipo munthu akaika pampanda wake, kuyang'ana bwalo lake, n'kovuta kumugwira. Anandilangiza kuti tikakambirane pachibale. Ndinatuluka ndi ukali. Pachibale! Ngati kuti ndinabwera ku Boma chifukwa chosowa achibale.

Sindinagwe mphwayi. Pali mayi wina loya amene amaima pa Lizulu kundigula mbatata akamapita ku Lilongwe. Atabwera ndinamugwira pazenera la galimoto n'kumukhuthulira zonse, anyamata onyamula katundu akumvera. Iye sanaseke. Anati malamulo a dziko lino amateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lilipo lamulo lonena za kusunga ndi kugwiritsa ntchito zithunzi ndi mbiri za anthu. Koma anati mano ake amaluma kwambiri makampani ndi maofesi, ndipo zimene munthu akuchita panyumba pake pa zifukwa za banja lake nthawi zambiri lamulolo silizilondola. Anati mwina nkhani itapita kukhoti ingamveke, koma anandifunsa ngati amayi angaime pamaso pa woweruza kuneneza mkamwini wawo. Amayi amene satha kumutchula dzina!

"Chimene anthu amalangizidwa," anatero loyayo, "ndi kuika chikwangwani chodziwitsa kuti pano pali makamera, kuti wolowa adziwiretu."

Ndinamuuza kuti amayi sawerenga, ndipo ngakhale akanawerenga, kudziwako ndiko kukuwapha. Anandiyang'ana mwachisoni, analipira mbatata yake, n'kumapita.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi ichi. Aliyense amene ndinamufunsa ankafuna kudziwa mwini khoma. Khoma ndi la ndani, mpanda ndi wa ndani, kamera anagula ndani. Palibe anafunsa kuti nkhope imene ikulowa m'foniyo ndi ya ndani. Mlendo wolowa pakhomo, wantchito wochapa kuseri, mkazi wa mwini nyumba, mpongozi wodwala, onsewa akangoponda pabwalo basi asanduka katundu wa mwini khoma, aziwaonera ali pa basi ku Joni, aziwabweza m'mbuyo, aziwakulitsa ndi zala. Kale mkamwini akafuna kulowa pakhomo pamene pali apongozi ankakhosomola ali patali kuti akonzeke. Uyu anakhosomola ataona kale zonse.

Pamene ine ndinkazungulira m'maofesi, amayi anali atapanga kale chiganizo chawo. Lamulungu lina m'mawa mng'ono wanga atapita kutchalitchi ndi ana, amayi anamanga katundu wawo m'chitenje n'kuchoka. Anakwera kabaza mpaka pa siteji, napeza galimoto ya matola yopita chakwathu. Mng'ono wanga anandiimbira akulira, ndipo tsiku lotsatira tonse awiri tinali kumudzi.

Tinawapeza atakhala pakhonde pawo akutongola chimanga, nkhope ili yowala ngati munthu amene watuluka m'ndende. Tinagwada, tinapempha, tinaopseza. Ndinawakumbutsa zimene ananena adokotala. Ndinati ndipeza kachipinda ka lendi pa Boma tizikhala awiri, malonda aime. Apo ndiye anakalipa.

"Anthu adzati chiyani? Kuti mkamwini ali ndi chinyumba chonsecho koma apongozi ake akugona m'lendi? Ufuna ndimuchititse manyazi mwana wa eni?"

"Nanga phazi lanu amayi?"

"Phazi ndi langa. Likawola liwola langa. Koma zoti ndizitafuna akamwini akundiona, ndizipita kuchimbudzi akamwini akundiona, ayi ana inu, zimenezo sindingathe. Ndakalamba."

Anatilonjeza kuti azipita kukatsukitsa kufupi konko, ndipo poyamba ankapitadi. Koma kumudzi munthu sakhala pansi. Mbuzi zalowa m'dimba, nkhuni zatha, maliro agwa kutsidya. Mtunda umene munthu wabwinobwino amayenda osaumva, kwa iwo unali ulendo wa tsiku lonse. Mvula itayamba ndi matope omwe, anasiyiratu. Ine ndinkapita ndikapeza mpata, ndipo ulendo uliwonse bandeji inkakhala yakuda kuposa ulendo watha. Tsiku lina ndisanalowe m'nyumba ndinamva fungo lija ndili pakhomo.

Anabwereranso pa Boma, koma ulendo uno atagona kumbuyo kwa galimoto ya aneba. Madokotala anayesetsa. Anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Atatuluka m'chipatala sitinayerekeze n'komwe kutchula nyumba ija, tinawatengera kumudzi.

Khirisimasi itafika mlamu wanga anabwera. Anafika kumudzi pagalimoto atanyamula njinga ya olumala yatsopano, bulangete ndi matumba a zinthu. Anaimika galimoto patali. Anavula chipewa, anayenda chowerama, n'kukagwada kuseri kwa khitchini atayang'ana kutchire. Anaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kuuza mkazi wake kuti akanene kuti wamva za zovutazi ndipo mtima wake wasweka. Amayi, atafunda chitenje, anauza mwana wawo kuti akanene kuti athokoza, afike bwino, nkhuku yawo ilipo. Azimayi a pamudzi ankanong'onezana kuti mkamwini waulemu chonchi sapezeka masiku ano. Ine ndinaluma mlomo mpaka kumva magazi.

Ndinamudikirira kugalimoto. Atabwera kudzatsitsa katundu wotsala ndinamuuza zonse zimene ndinasunga miyezi yonseyi, osasiya ngakhale chimodzi. Ndinati ulemu wa kuseri kwa khitchiniwo akanaugwiritsa ntchito pakhoma pake, bwenzi amayi akuyenda. Ndinati njinga yakeyo ndi yokongola koma mwendo unali wabwino kuposa pamenepo.

Sanakalipe. Maso ake anali ofiira, ndipo ndikhulupirira kuti chisoni chake chinali chenicheni. Koma anati, "Alamu, musandisenzetse mlandu. Ine amayi sindinawathamangitse. Anachoka okha, ndipo anatsanzika bwinobwino. Umboni ulipo." Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni.

Ndinafuna kukana, koma maso anali atagwera kale pamenepo. Inali kamera ya pageti, m'mawa wa Lamulungu lija. Amayi anatulukira pakona atasenza mtolo, chitenje chili kumaso, akutsimphina. Atafika pageti anaima. Anatula mtolo, anatembenuka kufulatira kamera, n'kugwada pafumbi movutikira, phazi la bandeji atalitambasulira kumbali. Anaomba m'manja mofatsa. Mawu ankamveka patali koma ndinawamva onse.

"Ndapita ine, abambo. Mwandisunga bwino pakhomo panu. Musamukalipire mwanayu, sanalakwe kanthu."

Anadikira pang'ono, ngati kuti wina ayankha. Kenako anagwira chitsulo cha geti n'kudzikoka mpaka kuimirira, anasenza mtolo wawo, natuluka, n'kubweza geti bwinobwino.

"Mwaona?" anatero mlamu wanga.

Ndinamuuza kuti afufute pompo. Ndinati alibe ufulu woyenda ndi amayi anga m'thumba, atagwada, kumaonetsa anthu ngati risiti. Anayankha kuti foni ndi yake, geti ndi lake, ndipo palibe lamulo limene waphwanya. Ndinadziwa kuti palibe ofesi imene ndingapite kukamutsutsa, poti zitseko zake ndinali nditagogoda kale.

Anayamba kubweza foni m'thumba. Ndinamugwira dzanja, ndipo mawu anga anatuluka aang'ono, osati aja ndimaitanira nawo malonda. Ndinamupempha kuti abwezenso poyambira, pamene amayi akutulukira pakona. Sitinawajambulepo akuyenda, ndipo palibenso pena paliponse pamene ndingawaone ataima ndi miyendo yawo yonse iwiri.